Yankho kwa alamu pa za ulendo wa ku Nyanga ndi ana

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko ku Ntcheu? Pepani ndachedwa kuyankha, dzulo kunalibe magetsi tsiku lonse ndiye foni inazima. Funso lanu ndaliona, lija mwati kodi ulendo tinapita uja wa ku mapiri a ku Zimbabwe ungatheke ndi ana aang'ono, poti inunso ndi achimwene mukufuna mupite pa holide ya Disembala. Kulemba sindingathe, zala zingatope, ndiye ndingoyankhula. Enanu pagulu pano amene sizikukukhudzani mukhoza kungodumpha, sindikwiya.

Kutheka zimatheka, ife tinapita ndi awiriwa, wa zaka 7 ndi wa zaka 3, ndipo tinabwerako amoyo. Koma ndikuuzeni poyambirira pomwe, mapiriwo si vuto ayi. Vuto ndi msewu. Ife tinkada nkhawa ndi zokwera mapiri, kuti mwana atopa, mwana agwa, osadziwa kuti chotilizitsa chili pakati pa Tete ndi Catandica.

Tinatulukira pa boda ya pa Dedza pompano, kulowa Calomue, kudutsa Ulongwe. Chigawo chimenecho ndi kwathu komwe, mukudziwa nokha, Angonia ndi Angoni anzathu, chinenero chomwechi, mbatatesi zomwezi. Ana sanakhulupirire n'komwe kuti tatuluka m'Malawi. Wamkuluyu mpaka anafunsa kuti kunja kuja tifika liti. Koma mukangoyamba kutsetsereka kulowera ku Moatize, kumene amakumba malasha kuja, mphepo imasintha. Timayamba kuvula majuzi mmodzimmodzi. Pofika pa mlatho wa Zambezi mu Tete, alamu, munali mu Ogasiti, nyengo imene kuno timagona ndi mabulangete awiri, koma kumeneko wamng'onoyu anali atatsala ndi kabudula yekha, akulira, madzi m'botolo atafunda ngati osamba. Ndiye inu mukuti Disembala? Tete wa Disembala ndi moto weniweni. Taganizirani Nsanje, muwonjezereko fumbi.

Bambo ake ankafuna tiyende ulendo wonse tsiku limodzi, ati tisawononge ndalama ya malo ogona. Ine ndinakana, ndipo mpaka lero ndimadziyamikira. Tinagona ku Tete, m'chipinda chokhala ndi makina oziziritsa, masikito tinatenga athu. M'mamawa kusanatenthe tinanyamuka, pa Changara tinasiya msewu wa ku Nyamapanda umene mabasi a ku Harare ndi ku Joni amadutsa, ife tinakhotera kummwera, Guro, Catandica, mpaka Vanduzi, kenako Manica ndi boda ya Machipanda. Mbali ya Zimbabwe amaitcha Forbes, ndipo mukangotuluka pamenepo mwalowa kale mu Mutare. Msewu umenewo ndi wautali, mathiraki ndi ambiri, malo abwino oimapo ndi ochepa. Poto wa mwana tengani. Musaseke, ndikunena zoona, tengani poto, mapepala ofewa aja ndi majumbo. Komanso musananyamuke funsani madalaivala a mathiraki pa boda kuti msewu uli bwanji sabata imeneyo. Mukukumbukira zionetsero za ku Mozambique pambuyo pa chisankho cha Okutobala 2024 mmene zinatsekera misewu, anthu kugona m'magalimoto. Ndi ana simungafune zimenezo.

Dikirani pang'ono... iwe, tasiya shugayo! Eya, pepani.

Mapepala tsopano, apa mvetserani bwino chifukwa achimwene aja ndimawadziwa, amakumbukira zinthu ali pa geti. Mwana aliyense pasipoti yakeyake, ngakhale wa kumsanayo. Visa sitinafunike, Mozambique ndi Zimbabwe yomwe, poti tonse ndi a SADC. Tengani zikalata za kubadwa za ana, ife anatifunsa pa boda imodzi, pa ina sanafunse, ndiye simungadziwiretu. Ngati zitachitika kuti mmodzi wa inu watsala, woyenda ndi anayo atenge kalata ya chilolezo ya mnzakeyo yodindidwa bwinobwino. Za galimoto ndiye zambiri: blue book, kalata ya ku polisi yosonyeza kuti galimoto si yakuba, ndipo ngati ili pa ngongole ya ku banki kapena ili m'dzina la munthu wina, kalata ya mwiniwakeyo. Pa boda iliyonse mumalemba chikalata cholowetsera galimoto kwa kanthawi. China chimene chinatipweteka ife ndi inshulansi. Bambo ake anagula yellow card ya COMESA akuganiza kuti yakwanira ulendo wonse. Ku Zimbabwe imagwira, koma Mozambique si membala wa COMESA, ndiye tinagulanso ina pa Calomue, ndalama imene sinali pa bajeti. Musaiwale matrayango awiri ndi chovala chonyezimira chija, apolisi a pamsewu kumeneko amazifuna.

Kuchoka Mutare mumakwera Christmas Pass, kenako makilomita ngati 100 kukafika ku Nyanga kudzera pa Juliasdale. Apa ndi pamene wamng'onoyu anasanza, kawiri. Msewu ndi wokhotakhota, ndipo ine ndi uchitsiru wanga ndinali nditamupatsa yogati ndi tchipisi mu Mutare. Mwana asadye zamafuta musanayambe kukwera, mupatseni buledi kapena bisiketi zouma, zenera litseguke pang'ono, zovala zosinthira zikhale pafupi osati pansi pa chikwama mu buti ngati mmene ndinachitira ine.

Ndiye kuzizira. Ha! Ife tinapita modzikuza, ati ndife a ku Dedza, tauni yokwera kuposa onse m'Malawi, kuzizira tinabadwa nako. Bambo ake anatenga juzi imodzi basi. Alamu, usiku woyamba anagona atavala masokosi anga. Kumene tinagona, chakufupi ndi Troutbeck, ndi pamtunda pafupifupi mofanana ndi pamwamba pa phiri la Dedza, ndiye taganizirani kumanga nyumba paja pali nsanja za mafoni paja n'kumagonapo. M'mawa udzu unali mbuu, chisanu chitagwa, madzi a pampopi oluma mano. Masana dzuwa likawala kumakoma, koma mphepo yake ndi yowumitsa milomo, ana masaya anang'ambika. Vaselini tengani wamkulu, zipewa za ulusi, majuzi awiriawiri, nsapato zotseka. Ndiye mukuona vuto lake, chikwama chimodzi muyike za Tete ndi za Nyanga, ngati mukupita maiko a nyengo ziwiri.

Tinabwereka kanyumba kokhala ndi khitchini ndi malo osonkhapo moto m'kati. Chimenecho ndiye ndingakulimbikitseni kuposa hotela. Ana athuwa mukuwadziwa, tsiku limodzi lopanda nsima ndi maliro. Ufa tinagula konko, iwo nsima amati sadza, ndipo m'mbali mwa msewu pa Juliasdale amagulitsa mbatatesi, kabichi, maapozi, ngati pa Lizulu kapena pa Tsangano. Ndinkaphika phala m'mawa, tiyi mu fulasiki, mazira owiritsa, basi tanyamuka. Nkhuni ankatipatsa, ndipo madzulo kuotha moto kuja ndi kumene ana akukumbukira kwambiri mpaka pano, kuposa mathithi onse amene tinawalipirira.

Kunena zoona malowo amafanana ndi kwathu kuno mochititsa manyazi. Mapaini ngati a ku Chongoni, miyala ikuluikulu, nkhungu. Tsiku loyamba ndinadzifunsa kuti kodi tawononga mafuta onsewa kudzaona Dedza wina? Koma zilipo zimene kuno kulibe. Mathithi a Mutarazi, madzi amagwa mamita opitirira 700 kutsikira ku chigwa cha Honde kumene amalima tiyi, ukayang'ana pansi mutu umazungulira. Anamangako milatho ya zingwe yodutsa pamwamba pa phompho. Bambo ake anawoloka, ine ndinakhala patali nditagwira ana wina dzanja ili wina ili, ndipo ndikukuuzani pamenepo mwana musamusiye ngakhale kamphindi. Wa zaka 3 sadziwa phompho. Ine ndinamubereka ndi chitenje, anthu akundiyang'ana, koma mtima wanga unali m'malo. Ngolo ya mwana ija musavutike nayo, njira zake ndi za miyala, chitenje ndiye mfumu.

Phiri lalikulu ndi Nyangani, mamita 2,592, lalitali kuposa onse m'Zimbabwe, komabe Sapitwa wathu wa 3,002 amaliposa, ndipo bambo ake sanalephere kuwauza eni dziko zimenezo. Nkhani zake ndi zofanana ndi za ku Mulanje, ati anthu amasowa, ati ukaona chachilendo usaloze chala, usatukwane. Kaya za mizimuzo, koma nkhungu yake ndinaiona ndi maso anga, imabwera kamodzin'kamodzi, phiri lonse balala osaonekanso. Salola kukwera popanda wokutsogolerani, ndipo ndi ana ngati athuwa musayese n'komwe. Ife tinangofika m'munsi, kujambulitsa, kubwerera.

Zimene anawo anakonda ndi zing'onozing'ono. Pa mtsinje wa Nyangombe pali dziwe lokhala ndi mchenga ngati kunyanja, madzi ozizira koopsa, koma anasewera pamenepo mpaka milomo kuchita bii, kuwachotsa ndi ndewu. Kumalo koweta nsomba za trout anakhala ola lathunthu akungoyang'ana. Tinaona mbidzi ndi nyumbu m'paki, njovu ndi mikango musayembekezere, kumeneko si Liwonde. Ku World's View, kumene umaona dziko lonse pansi ngati mphasa, ife akuluakulu tinkati eee, Mulungu ndi wamkulu, pamene wamng'onoyu anali kalikiliki kuthamangitsa buluzi. Tsiku limene tinapanikiza malo atatu, onse anafika kunyumba akulira, ine ndi bambo ake osayankhulana. Kuyambira pamenepo tinkapita malo amodzi m'mawa, masana kugona, madzulo kungoyenda pafupi.

Chinenero sichinativute. Chizungu amayankhula bwino, ndipo Chishona mawu ena umangowamva. Koma chinatiseketsa n'chakuti iwo madzi akumwa amati mvura. Mayi wina wogulitsa anafunsa wamkuluyu ngati akufuna mvura, mwana kuyang'ana kumwamba, dzuwa lili phwee, n'kubwera kudzandinong'oneza kuti amayi aja mutu sukuyenda. Ndipo ukangonena kuti ndine wa ku Malawi, wina amati agogo anga anachokera ku Dedza, wina ku Mangochi, ana a anthu aja anapita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi kalekale. Bambo wina mpaka anatipatsa moni m'Chichewa chothyokathyoka, maso ali ndi misozi.

Ndalama tengani madola a ku America, ndipo akhale ang'onoang'ono, ma 1, ma 5, ma 10, chifukwa chenji chimavuta. Ali ndi ndalama yawo ya ZiG imene inayamba mu Epulo 2024, koma ife pafupifupi paliponse tinalipira madola, pa mageti a msewu ndi polowa m'paki pomwe. Kwa Mozambique mukhale ndi meticais ya mafuta, mlatho ndi madzi. Yambani kusaka madolawo panopa, mukudziwa mmene akuvutira m'mabanki. Zonse tinawononga zingati ndikutumizirani kumbali, pagulu pano pali maso ambiri, mawa wina andipempha ngongole.

Mankhwala: panado wa ana, Thanzi, mabandeji, mafuta othamangitsa udzudzu. Kumtunda kuja udzudzu sitinauone, koma ku Tete ulipo wambiri, ku Honde chimodzimodzi. Mukabwerako mwana akangotentha thupi, ngakhale patapita sabata ziwiri, thamangani mukayezetse malungo, musati ndi kutopa kwa ulendo.

Ndiye maganizo anga, alamu, poti mwafunsa ine. Disembala ayi. Mvula kumapiri kuja imagwa yambiri, nkhungu imatseka zonse zimene mwapitira, misewu ya dothi yopita ku mathithi imaterera, pa boda pamadzaza anthu obwerera kwawo ku Khirisimasi, kuwonjezera kutentha kwa Tete ndi khanda lanu la miyezi 8 lija. Dikirani Ogasiti sukulu akatsekera, mwana adzakhala atayamba kuyenda. Panopa ngati miyendo ikuyabwa, mutengeni mupite ku Zomba masiku awiri, mukaone mmene akuchitira ndi msewu wokhotakhota ndi kuzizira. Mpando wa mwana wa m'galimoto uja ulipo, wamng'onoyu wakula, mudzautenge Loweruka mukamabwera ku chinkhoswe. Mundibweretsereko nyemba za pa Lizulu, zija zofiira.