Alamu, za pulesi ija

Alamu, uthenga wanu ndaumva, ndati ndiyankhire pagulu pompano kuti achimwene amvenso poti nawonso amaifuna. Mwafunsa kuti pulesi ya hayidiroliki, makina okankhira zitsulo ndi mphamvu ya jeke, yoika mu galaja yakunyumba mugule iti, ya matani 12 kapena 20, poti ndalama ndi yochepa. Ine ndikuti ngati ntchito yake ndi yomwe mwatchula ija, maberingi a mateyala, mabushi, nthawi zina kuwongola shafuti yopindika, tengani ya 20 yoima pansi basi. Ya 12 imagwira inde, beringi yatsopano imalowa bwinobwino, koma mavuto amayamba potulutsa yakale, ija yakhala zaka mu habu, pomangira teyala paja, yagwirana ndi dzimbiri, mumapopa mpaka chogwirira kulimba gwa koma chinthu osasuntha, ndiye munthu amayamba kuganiza zolumikiza paipi yaitali ku chogwirira, apo ndi pomwe zinthu zimawonongeka. Tating'ono ta patebulo ta matani 6 tija ndi ta maberingi a alternator ndi timamota, habu sikwanamo n'komwe.

Koma chomwe ndikufuna mumvetse alamu, musakopeke ndi nambala yalembedwa pa jeke. Mapulesi otchipawa ndi jeke ya botolo wamba yoikidwa mu fulemu, ndiye jekeyo ikafa mumangomasula n'kuika ina, nkhani yatha. Fulemu ikapindika ndiye kuti mwataya zonse. Ndiye mukafika pogulapo, kaya ndi yatsopano kaya yogwirapo kale ntchito, maso anu akhale pa chitsulo. Onani makulidwe a mtanda wapamwamba ndi bedi lija mumaikapo katundu, onani powotcherera ngati ndi mzere wosalala wodzadza osati madontho ngati zitosi za nkhuku, ngati ndi ya mabawuti onani kukula kwa mabawutiwo. Mapini awiri amene amanyamula bedi aja, mphamvu yonse ya matani 20 imathera pamenepo, akhale onenepa, ndipo mukapeza yakale mapini ake atakhota kapena mabowo atakula ngati dzira, isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo bwanji.

China, gwirani mtanda umene jeke imakhalapo uja, umene uli ndi chitsulo chokankhira pansi pake, muugwedeze. Ukamasewera kwambiri kumanja kumanzere ndiye kuti uzikankha mopendekera, beringi izilowa mokhota, komanso chinthu chikhoza kuterereka n'kuthawa ndi mphamvu. Kusewera pang'ono kumakonzeka poika tizitsulo topyapyala m'mbalimo, sizovuta. Masipuling'i obweza jeke m'mwamba akhale awiri onse amoyo.

Eee musaiwale kuyeza mpata wa pakati pa mizati iwiri ija, ndi mpata wa pakati pa bedi pomwe shafuti imatulukira. Anthu amagula kenako n'kupeza kuti knuckle yagalimoto yawo, chitsulo chimene habu imakhalamo, sikulowa. Nyamulani tepi, kapena knuckle yakaleyo mupite nayo.

Tsopano mapuleti awiri akuda amene amabwera nayo aja, ambiri otchipa amakhala a cast iron, chitsulo chochita kuthira mu chikombole, ndipo cast iron sipindika kuti ikuchenjezeni, imangosweka kamodzi zidutswa n'kuuluka. Kadulitseni mapuleti a chitsulo cha steel chokhuthala, ndalama imeneyo musaumire. Magalasi oteteza maso nawonso, beringi ikaphulika timipira take timathamanga zoopsa, ndipo popopa muziima chambali osati kuika nkhope pamenepo kuti muone bwino, ana atalikire.

Geji yoonetsa mphamvu ndi yabwino kukhala nayo, mumadziwa kuti mwafika pati, koma sindingakuuzeni kuti muonjezere ndalama zambiri chifukwa cha iyo yokha. Mapulesi oyendera mpweya aja amafuna kompulesa, inu mulibe, asiyeni. Jeke ikamatsika yokha itanyamula ndiye kuti ma seal, timalabala totchinga oyilo, atha kapena valavu sikutseka bwino, ikamakwera mofewa ngati siponji ndi mpweya walowa, mumatsegula valavu n'kupopa kangapo umatuluka. Muziika oyilo wa jeke weniweni, buleki fuludi ayi, amadya ma seal.

Za zopangitsa kwa owotcherera zomwe achimwene ananena, zimatheka ndithu ndipo zina zimalimba kuposa zogula, bola chitsulo chikhale channel, chija chooneka ngati U, yokhuthala ndipo munthuyo adziwe kuti akupanga chinthu chonyamula matani 20, osati geti.

Ndiye mukaipeza jambulani zithunzi, powotcherera, mapini, ndi bedi chapafupi, mutumize pompano ndione musanapereke ndalama. Mundiuzenso kuti galimoto zomwe muzikonza kwambiri ndi ziti, ngati mulinso ma pickup ndiye za 12 zija tisakambenso.