Za mtima mwafunsa zija, asuweni

Eee, asuweni, ndamva funso lanu pa gulupu, lakuti munthu akathamanga mtima uyenera kutenga nthawi yotalika bwanji kuti ukhazikike. "Munthu" ameneyo ndi inuyo, tisanamizane. Tonse tinakuonani tsiku la chiliza lija, kamtunda kaja mukupumira m'mwamba, thukuta kamukamu, mukuti ndi nsapato zikukuthinani. Nsapato, asuweni?

Dikirani kaye. Mukuwakumbuka amalume aakulu? Matumba atatu a makala pa njinga... ayi, anayi, limodzi ankamangirira chopingasa pamwamba. Kunyamuka ku Lunzu kusanache, kukankha mitunda yonse ija mpaka ku Ndirande. Akafika ankakhala pa khonde n'kupempha madzi. Kapu isanathe, mpweya wabwerera kale, ayamba kutifunsa za sukulu. Koma zaka zomaliza zija, mmm... ankakhala pa khonde lomwelo mpaka nsima kupsa akadali wefuwefu, dzanja lili pachifuwa. Azakhali akati tiyeni kuchipatala, iwo amvekere ndi ukalamba basi. BP inadzapezeka mochedwa. Zotsalazo mukuzidziwa, sindizinena pano, ana akumvetsera.

Ndiye za funso lanulo. Mukangosiya kuthamanga, gwirani mtsempha wa pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu. Werengani kugunda kwa masekondi 15, muchulukitse ka 4. Yendani pang'onopang'ono, ikatha mphindi imodzi werenganinso. Mtima wabwino umatsika ndi kugunda koposa 12 m'mphindi imeneyo. Tinene kuti munali pa 150, mwafika pa 130, palibe vuto. Ozolowera majowajowa amatsika kuposa pamenepo. Koma ukatsika ndi 12 kapena kuchepera, tsiku ndi tsiku, pamenepo madokotala amafuna akuoneni. Mukakhala phee osachita kanthu, uzigunda pakati pa 60 ndi 100. Kupweteka pachifuwa, chizungulire, kubanika... zimenezo musawerengenso n'komwe, nyamukani tsiku lomwelo.

Komatu ine chimene ndikufuna n'chakuti mukayezetse BP. Wotchi yanu yodula ija siingalowe m'malo mwa dokotala. Mukayezetse sabata ino, osati mukalandira. Ngati vuto ndi thiransipoti ndiuzeni kumbali, nditumiza pa Airtel Money.

Mwamva? Mukayezetse, manambala mutumize pano pomwe, azakhali nawo aone.