Achemwali, dzino limenelo musathamangire kulizula

Achemwali mwalemba kuti dzino lakumbuyo m'mwamba kumanzere lakhala likukuwawani miyezi ingapo, ku chipatala anajambula x-ray koma sanaonepo chibowo chilichonse, ndiye mukufuna mungolichotsa basi muikepo lochita kupanga. Ine ndikuti dikirani kaye pang'ono. Dzino likachoka lachoka, ndipo vuto ndiloti ululu ngati wanuwo nthawi zina suchokera mu dzino mwenimwenimo, mutha kulizula ululu nkumapitilirabe pomwepo pa gweru.

Pali dzino long'aluka. Mng'alu wake umakhala waung'ono kwambiri moti x-ray siuonetsa, koma mukaluma chinthu cholimba, kaya chimanga chokazinga kaya fupa la nkhuku, mumamva kubaya kwambiri makamaka pomwe mukusiya kuluma. Yesani kuona ngati zili choncho, mukamuuze dokotala wa mano chimodzimodzi, iwo amakulumitsani kachinthu dzino limodzilimodzi kuti apeze lomwe lili ndi vuto. Ngati mumakukuta mano usiku, funsani amene mumagona nawo, ambiri sadziwa kuti amakukuta, amangodzuka nsagwada zili zolemera ndi mutu ukuwawa m'mbali. Kukukuta kumang'alula mano komanso kumapweteketsa minofu ya chibwano ndiye munthu nkumaloza dzino losalakwa.

Chinanso poti mwati ndi lam'mwamba. Mizu ya mano akumbuyo am'mwamba imayandikana kwambiri ndi timphako tomwe tili mkati mwa masaya pafupi ndi mphuno, timene a chipatala amati ma sinus. Timeneti tikatupa chifukwa cha chimfine kapena fumbi la October uja, mano awiri atatu amawawa limodzi ndipo mukawerama, monga pokolopa kapena posinja, ululu umawonjezeka. Kodi mphuno imatsekeka? Mumamva kulemera pansi pa diso? Ngati eya, amene akufunika ndi dokotala wamba kapena wa mphuno ndi makutu, mwina dzino lilibe mlandu.

Palinso za mitsempha. Pali matenda ena a mtsempha wa kunkhope amene ululu wake umabwera mwadzidzidzi ngati mwagwidwa ndi magetsi, masekondi ochepa nkusiya, ndipo umayamba ndi zinthu zazing'ono ngati kusamba kumaso, mphepo, kutsuka mano. Amenewa amapereka mankhwala ngati carbamazepine, pomwe ululu wosatha wosaoneka chifukwa chake amatha kukupatsani amitriptyline pang'ono pang'ono usiku. Awa musagule nokha chonde, akupatseni adokotala. Anthu ena amazulitsa dzino loyamba, lachiwiri, lachitatu, mkamwa mpaka kutsala gweru wamkulu, ululu uli pompo, kenako ndi pamene amadzauzidwa kuti ndi mtsempha.

Ndiye langizo langa, pitani ku chipatala chachikulu komwe kuli madokotala a mano enieni, Kamuzu Central ku Lilongwe, Queens ku Blantyre, Mzuzu Central kapena Zomba Central, apo ayi ku pulaiveti ngati muli ndi ndalama kapena inshuwaransi ya chipatala ngati MASM. M'maboma ambiri timakumana ndi ma dental therapist, omwe anaphunzira za mano koma si madokotala, amagwira ntchito yabwino ndithu koma zipangizo zimachepa ndiye chophweka chimakhala kuzula basi. Madokotala a mano m'dziko muno ndi ochepa, maphunziro a digiri ya mano anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine imene pano ndi Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Mukafika pempheni x-ray yaikulu yoonetsa nsagwada yonse, amati OPG, komanso ayese dzinolo ndi chinthu chozizira kuti aone ngati mtsempha wamkati uli moyo. Ngati mtsempha wa dzino ndi womwe watupa, pali root canal, amachotsa mtsemphawo nkumata, dzino lanu lomwelo nkutsala mkamwa.

Pakadali pano panado ndi brufen zimathandiza, koma panado wa 500mg asapitilire mapilitsi 8 pa tsiku, ndipo brufen ayi ngati muli ndi zilonda zam'mimba kapena ndinu woyembekezera. Muzichukucha madzi ofunda a mchere. Zoyika asipirini pa nkhama musayerekeze, amawotcha nyama pamakhala chilonda choyera. Ena mu gulu muno akulemba za mafuta a mabuleki ndi madzi a batire, abale inu, zimenezo ndi poyizoni. Amoxyl ndi flagyl wogula pa gulosale nayenso sachiza dzino, amangotontholetsa kwa masiku kenako zimabwerera. Koma mukaona tsaya kapena pansi pa chibwano patupa, thupi likutentha, mukuvutika kumeza kapena kutsegula kukamwa, thamangani ku chipatala tsiku lomwelo ngakhale usiku.

Tsono tinene kuti apeza kuti dzino lang'aluka mpaka ku muzu ndipo palibe chochita koma kuchotsa. Zoikirira zilipo zamitundu itatu. Chotchipa ndi kapuleti ka pulasitiki kokhala ndi dzino limodzi kapena angapo, kovula usiku nkuviika m'madzi. Masiku oyamba kamasowetsa mtendere, malovu amachuluka, kuyankhula kumasintha pang'ono, koma mumazolowera. Pa dzino limodzi lakumbuyo ambiri amangokasiya mu kabati, chilungamo chake. Chachiwiri ndi bridge, imamatidwa osavula, koma amayamba asema mano awiri a m'mbali mwa gweru kuti akhale mizati, ndiye ngati manowo ndi abwinobwino ine zimandimvetsa chisoni kuwasema. Chachitatu ndi implant, kachitsulo ka titanium kamene amakalowetsa mu fupa la nsagwada, mumadikira miyezi 3 mpaka 6 kuti kagwirane ndi fupa kenako amaikapo dzino pamwamba. Imeneyi ndiyo yofanana kwambiri ndi dzino lenileni koma ndi yodula zedi, imapezeka mu zipatala za pulaiveti zochepa m'tauni, ndipo kwa osuta fodya kapena a shuga yosatsika imavuta kugwira. Kumwambako kumbuyo fupa limakhala lopyapyala chifukwa cha ma sinus aja, nthawi zina amayamba awonjezera fupa, ndalama nkukweranso. Ndipo ngati ululu wanu ndi wa mtsempha wa kunkhope, implant siithetsa, itha kungowonjezera.

Ngati ndi dzino lomalizira kwenikweni kumbuyo, ambiri amakhala osaikapo kanthu ndipo amatafuna bwinobwino. Koma likakhala lapakati musasiye gweru zaka zambiri, oyandikana nalo amayamba kupendekera komweko ndipo lam'munsi limakwera. Tatiuzeni, ululuwo umabwera mukaluma, mukamwa zozizira, kapena umangobwera wokha usiku?