Mawu akuti PCNA pa pepala la ku labu: kodi ndi dzina la matenda?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina amene mchemwali wake anamuchotsa kachotupa n'kukatumiza kokapima. Analemba kuti: "Pa pepala la zotsatira ndaonapo mawu akuti PCNA. Kodi ndiye matendawo? Tulo sindikutiona."

Mayi, mtima ukhale kaye m'malo. PCNA si matenda. Ndi puloteni imene ili mwa inu, mwa ine, ngakhale mwa khanda lobadwa lero.

Matupi athu ndi opangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo selo lisanagawike pawiri limayenera kukopera DNA yake yonse, yomwe ndi malangizo a mmene selo liyenera kugwirira ntchito, zilembo pafupifupi 6 biliyoni. Imodzi mwa mapuloteni ogwira ntchitoyi ndi polymerase delta, koma ikakhala yokha imangokopera pang'ono n'kupulumuka pa DNA. Apa ndiye pofunika PCNA. Mapuloteni atatu a PCNA amagwirana n'kupanga mphete ya bowo pakati. Gulu lina la mapuloteni lotchedwa RFC limatsegula mpheteyo, kuiveka pa DNA, n'kuitsekanso. Munaonapo galu womangidwa pa waya wautali, unyolo wake uli ndi kamphete kotsetsereka? Amathamanga kuchoka uku kukafika uko, koma pawayapo sachoka. Polymerase ikagwira mphete ija imayenda chimodzimodzi, mtunda wautali osagwa. Ine mpaka lero zimandigometsa kuti kanthu kosaoneka ndi maso kamagwira ntchito mwadongosolo chonchi m'matupi mwathu usana ndi usiku.

PCNA anaitulukira mu 1978 akatswiri atatu, Miyachi, Fritzler ndi Tan. M'magazi a odwala ena a lupus (matenda amene chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi thupi lomwelo) anapeza kuti chitetezo cha m'thupi chikulimbana ndi chinachake chopezeka m'maselo amene akuchulukana, ndipo dzina lake linachokera pomwepo: PCNA ndi chidule cha proliferating cell nuclear antigen, kutanthauza chinthu chopezeka m'kati mwa maselo amene akuchulukana.

N'chifukwa chake a ku labu amaigwiritsa ntchito. Amadula kachidutswa kopyapyala ka chotupacho, kukapaka mankhwala osintha mtundu pamene pali PCNA, kenako kuwerenga pa maikulosikopu kuti ndi maselo angati amene akugawika. Koma maselo a m'matumbo amagawika tsiku lililonse, a pachilonda chimene chikupola nawonso. Komanso PCNA imathandiza kukonza DNA ikawonongeka, monga ndi dzuwa, ndipo imachedwa kutha m'selo. Motero imatha kuoneka ngakhale pamene selo silikugawika. Ichi ndicho chachititsa kuti malabu ambiri masiku ano azidalira kwambiri puloteni ina yotchedwa Ki-67.

Choncho musaweruze ndi mawu amodziwo. Zoti chotupacho ndi khansa kapena ayi zimalembedwa poyera m'lipotilo, potengera mmene maselowo akuonekera. Mutenge pepalalo, mupite limodzi ndi achemwali anuwo kwa adokotala amene anawachita opaleshoni, ndipo mukafunse kuti chotupacho ndi cha mtundu wanji, anachichotsa chonse kapena ayi, komanso abwererenso liti. Mayankhowo mukawalembe pakapepala, chifukwa munthu ukakhala ndi mantha zomwe wamva zimauluka usanafike pageti.