Funsani Dokotala: Bwanji boma limalimbikira kutemera agalu?

Funso: A dokotala, timamva kulengeza za katemera wa agalu pomwe anthu tikuvutika ndi matenda ambirimbiri. Kodi boma limasankha bwanji matenda oti lilimbane nawo? Galu n'kuposa munthu? (Bambo wa ku Chibavi)

Yankho: Bambo, jekeseni amene amabaya galuyo akutchinjiriza mwana wanu ku chiwewe. Matenda ochoka ku nyama kudza kwa anthu alipo ambiri koma ndalama n'zochepa, ndiye boma lililonse limasankha oyambira. A zaumoyo okha sangasankhe. Amakhala pansi ndi a ziweto komanso a nyama zakutchire, njira imene amaitcha One Health. Kwathu kuno ndiye kuti Unduna wa Zaumoyo kudzera ku Public Health Institute of Malawi, nthambi ya ziweto ya ku Unduna wa Zaulimi, ndi nthambi yoyang'anira malo osungira nyama zakutchire. Nthenda iliyonse amaiyeza ndi mafunso ofanana: imapha angati mwa oidwala, imafala msanga bwanji, imasaukitsa bwanji alimi, ndipo chida choithetsera chilipo? Funso lomalizali ndi lolemera, chifukwa kuika patsogolo nthenda yopanda chida n'kungotaya ndalama.

Chiwewe chimakwera pamwamba pa mafunso onsewa. Zizindikiro zikangoyamba, pafupifupi aliyense amamwalira. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ndipo anthu 99 mwa 100 aliwonse amachitenga kwa galu. Koma agalu 70 mwa 100 aliwonse m'dera akamabayidwa katemera chaka ndi chaka, nthendayi imasowa pofalira. Kutemera galu n'kotchipa kwambiri kusiyana ndi kupereka katemera kwa munthu wolumidwa. N'chifukwa chake maiko anagwirizana kuti pofika 2030 pasapezeke womwalira ndi chiwewe cha agalu, ndipo ku Blantyre bungwe la Mission Rabies lakhala likutemera agalu kuyambira 2015.

Ntchitoyi imalakwika potere: eni ake amasiya tiana ta agalu kunyumba poganiza kuti n'tochepa, galu wosazolowera tcheni amakanika kupita naye, ndipo agalu amaswana msanga. Mukadumphitsa chaka chimodzi, m'mudzi mwadzaza agalu osatemera. Kupha agalu oyendayenda nakonso sikuthandiza, pakuti malo awo amalowamo ena osabayidwa.

Matenda ena amaikidwa patsogolo m'dera limodzi. Kaodzera ali m'midzi yozungulira malo osungira nyama zakutchire a Vwaza Marsh ku Rumphi, ndipo amafala ndi kashembe woluma nyama zakutchire. Nyamazo simungazitemere, choncho nkhondo yake ndi ya misampha ya nsalu za buluu ndi zakuda, komanso kupeza odwala msanga. Amene wachokera kumeneko ndipo akutentha thupi koma malungo sakupezeka, auze dokotala kumene anali.

Funso: Mwana wanga walumidwa pamwendo ndi galu wa aneba. Bala lake n'laling'ono ndipo galuyo akuoneka wabwinobwino. Ndidikire? (Mayi wa ku Zolozolo)

Yankho: Musadikire, mayi. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri othira, kwa mphindi 15 zathunthu. Yang'anani nthawi pa foni, chifukwa ambiri amasiya pa mphindi ziwiri. Sopo amaononga kachilombo ka chiwewe. Mukatha pakani ayodini kapena sipiliti ngati alipo. Musapake tsabola, dothi kapena mankhwala azitsamba, ndipo ubweya wa galu wootcha suchiza kanthu. Musamange balalo mothina.

Lero lomwe pitani naye kuchipatala. Katemera sabaya kamodzi: amayamba tsiku loyambalo, kenaka pa tsiku la 3 ndi la 7 kuchokera pamenepo, ndipo kutengera kabayidwe kake pamakhala jekeseni wina pakati pa tsiku la 14 ndi la 28. Sungani kabuku ka kuchipatala ndipo musadumphe tsiku. Bala likakhala lakuya, kapena kumaso, m'khosi ndi m'zala, madokotala amaganiziranso mankhwala ena obaya pabala penipeni, komanso katemera wa kafumbata. Kuchepa kwa bala kusakunamizeni. Kachilomboka kamayenda m'mitsempha kupita ku ubongo mwakachetechete, kawirikawiri miyezi iwiri kapena itatu, bala litapola kale.

Galuyo asaphedwe kapena kuthamangitsidwa. Amangidwe, adyetsedwe, ayang'aniridwe masiku 10, ndipo alangizi a ziweto adziwe. Akafa, akasowa kapena akayamba kutuluka dovu ndi kuluma chilichonse, kauzeni achipatala msanga. Koma katemera wa mwana ayambe, asadikire masiku 10 amenewo. Lipoti lanulo ndi limene limalowa m'kaundula wa boma, ndipo dera limene silipereka malipoti limaoneka ngati lilibe vuto.

Funso: Ng'ombe yathu kumudzi ku Mzimba yangofa yokha usiku. Tingadye nyamayo titaiphika kwambiri? (Mnyamata wa ku Luwinga)

Yankho: Ayi, achimwene, ndipo musaisende n'komwe. Ng'ombe yofa mwadzidzidzi, makamaka ikamatuluka magazi akuda osaundana m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo, tiziiyesa ya anthrax, nthenda ya ziweto yogwiranso anthu, mpaka alangizi a ziweto ataiona. Mu Disembala 2023 WHO inalengeza za nthendayi m'maiko asanu, Malawi ndi Zambia ali momwemo. Ngozi imayamba mphika usanafike pamoto: wosenda ndi wonyamula nyama amatuluka chilonda chakuda pakati, chosapweteka kwenikweni. Mukaitumbula, tizilombo timakumana ndi mpweya n'kusanduka njere zokhala m'dothi zaka makumimakumi, ndipo ng'ombe zina zidzazidya ndi msipu.

Thamangitsani agalu pamenepo, itanani alangizi, ndipo nyamayo itenthedwe yonse kapena ikwiriridwe m'dzenje lakuya mamita awiri, kutali ndi chitsime. Zotsala m'khola zisagulitsidwe kapena kusamutsidwa kufikira alangizi atalola. Amene anaigwira kale ndi manja apite kuchipatala akanene.