Mizinga ya pa Robben Island sinali ya akaidi

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mbale wathu amene amagwira ntchito ku Cape Town. Akuti patsiku lopuma anakwera boti kupita ku Robben Island kukaona chipinda chimene ankagona Nelson Mandela, ndipo basi ikuzungulira chilumbacho anaona chimzinga chachikulu chili ndandanda m'tchire. Funso lawo ndi ili: "Kodi Mabunu anaika chimzinga chonsechi kuti aziwombera akaidi othawa? Nanga mnzanga wina akuti m'nyanjamo munatcheredwa mabomba, n'zoona?"

Achimwene, funso loyambalo yankho lake ndi iyayi. Mzingawo unafika kale ndende ya andale isanatsegulidwe. Akhate amene ankasungidwa pachilumbacho anachotsedwa mu 1931, kenaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka mu 1939 asilikali analowapo. Ndende ya chitetezo chokhwima inayamba mu 1961, ndipo Mandela anakhalamo kuyambira 1964 mpaka 1982. Mkaidi sankafunika mzinga. Alonda, agalu ndi madzi ozizira zedi a nyanja ya Atlantic zinali zokwanira.

Ngati munaonapo kamzinga kamene kali pafupi ndi nsanja ya wotchi ku Mangochi, kochokera pa sitima ya Guendolen kaja, kaiwaleni kaye. Mizinga ikuluikulu ya pa De Waal Battery, malo ozikapo mizinga pachilumbapo, kukamwa kwake ndi mainchesi 9.2, masentimita 23 ndi kanthu, ngati mbale yodyera nsima. Chipolopolo chimodzi chinkalemera makilogalamu pafupifupi 172. Tangoganizani matumba atatu a chimanga ndi theka lina, atawumbidwa kukhala chitsulo chimodzi chosongoka, n'kuponyedwa kupitirira makilomita 25. Chinthu chotere suwombera munthu wosambira. Chinapangidwira sitima yankhondo yovala zitsulo zochindikala.

Ndipo chimene munachiona pamtundacho ndi mutu chabe, thupi lili pansi pa nthaka. Kunsiko kuli zipinda zosungiramo zipolopolo ndi wonga, makina okwezera zipolopolozo kumtunda, ndi injini zopangira magetsi. Wowombera nthawi zambiri sankaiona n'komwe sitima imene akuilinga. Anthu ena, ali pa malo oonera patali, ankayeza mtunda ndi mbali imene sitimayo ili n'kutumiza manambala pa lamya ku chipinda chowerengera. Kumeneko ankawerengera liwiro la sitima ndi nthawi imene chipolopolo chikhale m'malere, chifukwa ukalinga pamene sitima ili, chipolopolo chikagwa pamene sitimayo yachokapo kale. Ntchito yambiri ya masamuyi inkagwiridwa ndi amayi a m'gulu lankhondo. Pachilumbapo panalinso Cornelia Battery ya mizinga ya mainchesi 6, ndipo kumtunda kunali ina yothandizana nayo, monga Apostle Battery ku Llandudno ndi Scala Battery ku Simon's Town.

N'chifukwa chiyani anawononga chuma chonsechi? Italy italowa nkhondo mu 1940, njira ya ku Mediterranean ndi Suez inakhala yoopsa, choncho sitima zonyamula asilikali, mafuta ndi zida zinkazungulira kumunsi kwa Africa. Doko la Cape Town linasanduka pakhosi podutsa zonse. Japan italowanso kumapeto kwa 1941, mantha anawirikiza.

Tsopano za mabomba, pamene mnzanuyo wanena zoona koma wasakaniza zinthu ziwiri.

Pali bomba la mwinikhomo, pali bomba la mdani. La mwinikhomo limamangidwa ku nangula pakhomo la doko, ndipo lili ndi nthambo ya magetsi yofika ku kanyumba kumtunda. Sitima ya abwenzi imadutsa bwinobwino, bomba lili phee. Limaphulika pokhapokha munthu wa m'kanyumbamo atadina. Otere anatcheredwa ku Saldanha Bay, kumpoto kwa Cape Town, kumene sitima zinkasonkhana, ndipo ambiri mwa amene ankawayang'anira anali amayi a gulu la SWANS, lothandiza asilikali a panyanja. Pa Table Bay pamene, pomwe pali doko la Cape Town, chida chimene ine chimandigometsa si bomba ayi, ndi nthambo wamba. Anayala nthambo zazitali pansi pa nyanja, kuchokera pa Robben Island kulowera kumtunda. Sitima yachitsulo imakhala ndi mphamvu ya maginito, ndiye ikadutsa pamwamba pa nthamboyo imadzutsa timagetsi tochepa kwambiri, ndipo kachida ka m'chipinda cha alonda kamagwedezeka. Mlonda akaona kagwedezeka koma panyanja palibe chooneka, ankadziwa kuti mlendo ali pansi pa madzi. Zili ngati ulusi umene mlenje amamanga modutsa mpita wa nyama.

Bomba la mdani lilibe nthambo, ndipo silisankha. Ndi chimpira chachitsulo chokhala ndi tinyanga, chomangidwa kuti chiziyandama pansi pang'ono pa madzi. M'kanyanga kalikonse muli kabotolo kagalasi ka asidi. Sitima ikagunda, kanyanga kamapindika, galasi limasweka, asidi amatsikira pa tizitsulo n'kupanga magetsi ngati batire, basi kwatha. Mu May 1940 sitima ya Majeremani yotchedwa Atlantis inatchera mabomba 92 kufupi ndi Cape Agulhas. Mwamwayi anadziwika msanga, ndipo mabwato ophera nsomba amene anasandutsidwa osesa mabomba anagwira ntchito yowachotsa. Mu March 1942 kunabwera Doggerbank. Iyi inali sitima ya Angerezi yolandidwa, dzina lake lakale Speybank, choncho maonekedwe ake sankakayikitsa. Itafunsidwa inatchula dzina la sitima inzake ya Angerezi, anailola, ndipo inatchera mabomba kufupi ndi Cape Town. Sitima ya Adatchi ya Alcyone inamira nawo mwezi womwewo.

Choopsa chenicheni chinafika mu October 1942. Sitima zoyenda pansi pa madzi za Majeremani, za gulu lotchedwa Eisbär, zinafika n'kupeza mzinda ukuwala magetsi usiku ngati kulibe nkhondo. M'masiku owerengeka zinamiza sitima zopitirira khumi. Imodzi mwa zowukirazo, U-179, inamizidwa pa 8 October, koma inamizidwa ndi sitima yankhondo ya Angerezi ya HMS Active, osati mzinga wa kumtunda. Mizinga ya pa Robben Island sinawomberepo mdani ngakhale kamodzi.

Ena akamva zimenezi amati ndiye zinali ndalama zotayira m'madzi. Ine sindivomereza kwenikweni. Palibe sitima yaikulu ya mdani imene inayerekeza kuyandikira doko kudzaphulitsa sitima zokocheza, ndipo imeneyo ndiyo inali ntchito ya mizingayo. Vuto lake n'lakuti mzinga wozikika m'simenti suyenda, ndipo mdani amadziwa pamene mkono wake ukulekezera. Cape Town inaphunzira zimenezi kalekale. Adatchi anamanga linga la Castle of Good Hope pakati pa 1666 ndi 1679, n'kuika mizinga m'mphepete mwa Table Bay. Angerezi atabwera mu 1795 sanagogode pakhomo, anadzera kuseri, ku Simon's Town ndi Muizenberg. Mu January 1806 anatsikira kumpoto, cha ku Melkbosstrand, n'kugonjetsa asilikali a Janssens, mtsogoleri wa Adatchi, pa Blaauwberg. Lingalo linangoperekedwa. Mukapita kukaliona lero mudabwa kuti lili pakati pa misewu, pafupi ndi siteshoni. Kale mafunde ankafika pafupi ndi makoma ake, koma nyanja inakwiriridwa pokuza doko.

Mwina mwakhala mukumva kugunda kumodzi kwamphamvu 12 koloko masana mukakhala m'tauni, nkhunda n'kubalalika. Umenewo ndi mzinga wa pa Lion Battery, pa Signal Hill, ndipo ndi wakale kwambiri kuposa wa pachilumba uja: ndi wa m'ma 1790, woikira wonga kukamwa. Kale oyendetsa sitima ankakonzera mawotchi awo pa iwo. Ilipo iwiri, wina umadikira kuti mwina mnzake angakane. Umawomba tsiku lililonse kupatula Lamlungu ndi masiku atchuthi, choncho mukapeza Loweruka lopuma kwerani phiri mufikeko nthawi isanakwane, muone msilikali akuutsendera wonga. Mukatseke makutu, achimwene.