Akufa anu amaopa chiyani?

Mlongo wina wa ku Matero wanditumizira imelo. Akulemba nthano yaitali ya mzinda wa anthu amene anamwalira koma sanagone, ndipo funso lake ndi ili: "Akufa anga angokhala ngati a m'mafilimu, kuyenda mokwakwaza miyendo n'kumaluma anthu. Ndingawapatse bwanji miyambo ndi kayankhulidwe kawokawo kuti akhale mtundu weniweni?"

Mlongo wanga, vuto ndi loti akufa anuwo sakufuna kanthu kupatula nyama, ndipo sakuopa chilichonse. Mwambo umamera pamene pali mantha kapena njala. Mukadziwa chimene chimawasowetsa mtendere, zina zonse zidzabwera zokha.

Simukufunika kupita kutali. Kwathu womwalira sachoka tsiku loika maliro. Pa Chichewa adzukulu amakumba manda, anamfedwa amameta, ndipo pakapita miyezi amafulula mowa n'kumetanso kachiwiri kuti mzimu ukhazikike pakati pa makolo. Pakati pa kumeta kuwiriko munthu ali panjira, ndipo akapanda kusamalidwa amasanduka chiwanda. Apo mwapeza kale magulu awiri a mzinda wanu: okhazikika, ndi oyendayenda amene abale awo anadya ndalama za mowa. M'chaka cha 1969 katswiri wa ku Kenya, John Mbiti, analemba kuti munthu amakhalabe wakufa wamoyo malinga ngati alipo womukumbukira ndi dzina. Ine ndikanatenga mfundo imeneyi kukhala chuma cha mumzindamo. Amene dzina lake lapatsidwa kwa khanda ndiye mpondamatiki. Amene mdzukulu wake womaliza wakalamba ndipo wayamba kuiwalaiwala, ameneyo akudwala, anzake amuzonde.

Ndiye moni wawo sungakhale "mwadzuka bwanji", poti kudzuka anadzuka kamodzi basi. Afunsane kuti "Mwatchulidwa?" wina n'kuyankha, "Pang'ono, kaya inu." Wobwera kumene amutche wamaluwa, chifukwa nkhata zake sizinafote. Ife amoyo atitche ofunda, mwina monyoza, mwinanso mosirira. Chitonzo chowawa kwambiri chikhale "wopanda chiliza iwe". Awa ndangopeka pano, mupeke anu, koma musachulutse. Imani pa siteshoni ya Kulima Tower mu Lusaka mumvetsere ma ngwangwazi akuitanira minibasi: mawu awo achinsinsi ndi owerengeka, onse amazungulira pa ndalama, apolisi ndi okwera, ndipo palibe amene amaima kuti akumasulireni. Akufa anunso asamasulire. Wowerenga amve yekha pofika tsamba lachitatu.

Pa zoopa, yambani ndi mvula. Ikayamba mu Novembala mitumbira imatitimira, chiswe chimadzuka. Nyengo imene ife timasangalala kuti tidzale, iwo akhale ndi mwambo wolira ndi womangana mafupa ndi luzi. Kenako pali mchere, umene ndimaukonda koposa. Ku Haiti, kumene nkhani za zombi zinatchukira, amati wakufa wogwiritsidwa ntchito akalawa mchere amazindikira kuti anafa. Kwathu mchere uli pakatikati pa mdulo: mayi amene ali kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amatuma mwana, chifukwa wotentha akhoza kudula wozizira. Tsono ndani wozizira kuposa wakufa? Mumzinda wanu mchere ukhale mlandu waukulu, ogulitsa mobisa akhalepo, ndipo polumbira azinena kuti "Pali mchere!" Wotopa ndi moyo wachiwiriwu apemphe kambale ka mchere pamaso pa akuluakulu, ndiwo akhale maliro awo.

Musaiwale kuti manda a mu Lusaka salingana. Wogona ku Memorial Park, pa msewu wa Leopards Hill, pansi pa kapinga wothiriridwa, sangakhale pa mphasa imodzi ndi wa ku Chingwere amene kachikwangwani kake kanadyeka ndi dzimbiri. Nanga amene anamunyamula pa Great East Road kukamuika kumudzi ku Katete, ndi mnzake amene banja linalephera ya thiransipoti? Kunyadirana kumeneko kukupatsani mikangano yokwanira buku lonse. Pansi pa onse ikani ndondocha, aja amati anaphedwa ndi okhwima kuti azigwira ntchito pachigayo kapena kumunda. Iwo si mtundu, ndi akapolo, ndipo mmene akufa anzawo amawaonera, kaya mwachisoni kaya mwamanyazi, ziulula khalidwe la mzindawo kuposa mafotokozedwe aatali.

Chinthu china chimene olemba achinyamata amataya ndi nthabwala. Mwakhalapo pa nyumba ya maliro muno m'tauni: mipando atulutsa, amayi ali m'nyumba, abambo akuwotha moto panja, kenako a chimbuya, aja a mtundu wina amene timaseka nawo mwa mwambo, atulukira. Wakum'mawa akamwalira, Abemba amathira anamfedwa ufa kumutu, kuwanena za mbewa, n'kutolera ndalama, ndipo ifenso timawabwezera za anyani tsiku lawo likafika. Ngati amoyo timaseka pamaso pa imfa, akufa angalekerenji? Apatseni achimbuya awo, mwina a manda a tsidya lina, amene ali ndi ufulu wolandira wamaluwa pomuseka za suti yothina imene anamuveka.

Pa Gule Wamkulu pokha ndikuchenjezeni, chifukwa ndikudziwa kuti mtima wanu uthamangira kumeneko. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inauzindikira mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo aliyense akhoza kukaonera pa Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Zimene zimavinidwa pabwalo, monga Kasiyamaliro, mukhoza kuphunzirapo mmene akufa amachezera amoyo, mmene amadzudzulira, mmene amaseketsera. Koma gule si nthano yopeka, ndipo eni ake alipo. Za kudambwe zisiyeni, ngakhale wina atakulonjezani kuti akuuzani pa WhatsApp. Pekani zilombo zanu, ndi maina anu.

Munanditumiziranso mutu woyamba. Chotsani masamba awiri oyambirira aja ofotokoza mbiri ya mzinda. Yambirani pamene mtsikana uja akutuluka m'manda n'kupeza gogo atakhala pa chiliza, ndipo gogoyo amufunse ngati watchulidwa. Mtsikanayo ayankhe molakwika.